Nthambi ya Matenda Osapatsirana mu Unduna wa Zaumoyo ndi Ntchito Yake ku Chigwa cha Phalombe

Nthambi yoona za matenda osapatsirana ndi matenda a maganizo ndi gawo la Unduna wa Zaumoyo lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2011 ku likulu la undunawu ku Capital Hill, mu mzinda wa Lilongwe. Ili pansi pa dipatimenti yoyang'anira chithandizo cha m'zipatala, ndipo udindo wake ndi kukonza ndondomeko za boma pa matenda amene munthu satengera kwa mnzake: kuthamanga kwa magazi komwe ambiri amangoti BP, shuga, khansa, mphumu, khunyu, matenda a mtima ndi a impso, matenda a maganizo, kuphatikizaponso kuvulala pa ngozi. Nthambiyi ilibe chipatala chakechake. Zomwe yalemba zimamufikira wodwala kudzera mwa akuluakulu a zaumoyo a m'maboma, komwe kumakhala wogwira ntchito wosankhidwa kuti azilondoloza matendawa. Chiyambi chake chinachokera ku kafukufuku, ndipo kangapo konse yasintha njira chifukwa cha zomwe ofufuza ena apeza.

Isanakhazikitsidwe, maso a boma ndi a mabungwe othandiza anali pa malungo, chifuwa chachikulu, Edzi, ndi imfa za amayi oyembekezera ndi za ana. Panali chifukwa chomveka, poti awa ndiwo ankadzaza mawodi ndi manda m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pa mndandanda woyamba wa chithandizo chomwe boma linalonjeza kupereka mwaulere kwa aliyense, womwe unayamba kugwira ntchito cha m'ma 2004, BP ndi shuga panalibe. Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'zipatala, ankati awa ndi matenda a mabwana a m'tauni, odya zonona ndi oyenda pa galimoto. Kumudzi munthu akagwa ali kumunda n'kudzuka mbali imodzi ya thupi itafa, nkhani inkathera pa ufiti, ndipo ulendo woyamba unkakhala wa kwa sing'anga. Makiliniki a shuga ndi BP analipo ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kaundula wa khansa anali atayamba kale ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980. Koma izi zinkangowerenga okhawo amene akwanitsa kufika pakhomo pa chipatala chachikulu.

Chigwa cha Phalombe chinali kutali ndi makomo amenewo. Boma la Phalombe linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo kwa zaka zoposa 20 linalibe chipatala chachikulu cha boma. Odwala ofunika kugonekedwa ankawatumiza ku Holy Family, chipatala cha mpingo wa Katolika chomwe chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, kapena kupitirira nawo ku Zomba ndi ku Blantyre. Anthu a m'midzi yozungulira Chiringa, Nambazo, Chitekesa, Mpasa, Sukasanje ndi Nkhulambe ankadalira zipatala zazing'ono, zomwe ntchito yake yaikulu inali sikelo ya ana ndi ya amayi, katemera, malungo, ndipo pambuyo pake ma ARV.

Zinthu zinatembenuka mu 2009. Chaka chimenecho Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'dziko lonse. Anthu 5,206 a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anafunsidwa za kadyedwe, fodya, mowa ndi ntchito zomwe amagwira. Kenaka anayezedwa msinkhu, kulemera ndi BP. Pomaliza anatengedwa magazi. Zotsatira zake, zomwe Dr Kelias Msyamboza ndi anzake anasindikiza mu 2011, zinadzidzimutsa ambiri. Anthu 32.9 mwa 100 aliwonse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo 5.6 mwa 100 anali ndi shuga wokwera m'magazi. Mwa abambo, 25.9 mwa 100 ankasuta fodya ndipo 30.1 ankamwa mowa, pamene mwa amayi osuta anali 2.9 ndipo akumwa anali 4.1. Kunenepa kopitirira muyeso kunali kochuluka mwa amayi. Chomwe chinalemera koposa ziwerengero zonsezi n'chakuti anthu atatu mwa anayi aliwonse anali asanayezedweko BP chibadwire, ndipo oposa 9 mwa 10 a omwe anapezeka nayo sanali pa mankhwala. Ambiri mwa oyezedwawo anali alimi a kumudzi. Maganizo akuti awa ndi matenda a olemera anasowa poima.

Chaka cha 2011 chinabweretsa zinthu zitatu pafupifupi nthawi imodzi. Ndondomeko yaikulu ya zaumoyo ya 2011 mpaka 2016 inaika matenda osapatsirana pa mndandanda wa chithandizo chofunikira. Mu September, atsogoleri a mayiko anakumana ku New York pa msonkhano wa United Nations wokambirana matenda omwewa. Ndipo unduna unatsegula nthambiyi, yomwe m'zaka zake zoyamba inatsogoleredwa ndi Dr Beatrice Mwagomba. Ntchito yake yoyamba inali kulemba dongosolo la dziko la 2012 mpaka 2016. Nthawi imeneyo dziko lapansi linkatsindika magulu anayi a matenda, omwe ndi a mtima, shuga, khansa ndi a m'mapapo, pamodzi ndi zinthu zinayi zowayambitsa: fodya, mowa, kadyedwe koipa ndi kusalimbitsa thupi. Dongosolo la Malawi linawonjezerapo khunyu, matenda a maganizo ndi kuvulala, chifukwa aliyense wogwira ntchito pa chipatala cha m'boma amadziwa kuchuluka kwa ana akugwa, ena opsa ndi moto atagwera pa mafuwa, ndi anthu ovulala pa msewu.

Nthambiyi inayamba ndi anthu owerengeka ndi ndalama zochepa. Thandizo lochuluka la mayiko akunja linali lomangiriridwa ku HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu, ndipo silikanatheka kupatutsidwa. Izi zinachititsa kuti funso loyamba la nthambiyi likhale lakuti: kodi njira yomwe inatsegulidwa kale ndi ma ARV singanyamulenso BP ndi shuga? Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, dziko linali litaphunzira kusamala munthu wodwala matenda osatha. Panali khadi la wodwala aliyense, tsiku lobwerera, kaundula wowerengedwa miyezi itatu iliyonse, ndi anthu olondola amene wasiya kubwera. Wodwala BP amafuna zomwezo.

Yankho linafufuzidwa kwambiri m'chigawo cha kummwera chakummawa, komwe kuli Phalombe. Bungwe la ku Canada la Dignitas International, lomwe linatsegula kiliniki ya Tisungane pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 2004, linali litafalitsa ntchito yake ku maboma a Zomba, Machinga, Balaka, Mangochi, Mulanje ndi Phalombe. Mu 2012 bungweli linagwirizana ndi unduna kukhazikitsa bwalo lotchedwa Knowledge Translation Platform Malawi, lokumanitsa ofufuza, madokotala ndi opanga ndondomeko. Kagwiridwe kake kanali kosavuta kumva: kusankha vuto limodzi, kusonkhanitsa zonse zomwe kafukufuku wapeza kale, kuzilemba mwachidule pamodzi ndi njira zingapo zomwe boma lingasankhepo, kenaka kukhala pansi ndi akuluakulu osankhawo. Umodzi mwa mitu iwiri yoyamba unali wa kuphatikiza chithandizo cha matenda osapatsirana ndi cha HIV, ndipo chikalata chomwe chinatuluka chinali cha kuyeza ndi kuchiza BP mwa anthu omwe ali ndi kachilombo. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016, yemwe anayeza anthu 952 olandira chithandizo cha HIV ku Zomba ndi ku Pirimiti, anapeza kuti 23.7 mwa 100 anali ndi BP ndipo 4.1 anali ndi shuga. Malangizo a boma a chithandizo cha HIV a 2016 analamula kuti olandira ma ARV aziyezedwa BP. Kwa boma ngati Phalombe, lomwe lili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri ndi HIV, lamuloli linali ndi tanthauzo lenileni, chifukwa kiliniki ya ma ARV ndiwo malo amene akuluakulu ambiri, makamaka abambo, amakumana ndi wachipatala kawirikawiri.

Njirayi inali ndi malire ake. Agogo omwe alibe kachilombo sapita ku kiliniki ya ma ARV, ndipo iwowo ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu cha sitiroko. Komanso ma ARV amabwera ndi galimoto yawoyawo, olipiridwa ndi ndalama zawozawo, pamene mankhwala a BP monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine, kapena a shuga monga metformin ndi insulin, amagulidwa ndi bajeti ya mankhwala ya boma kudzera ku Central Medical Stores Trust. Choncho munthu mmodzi, pa tsiku limodzi, amatha kulandira ma ARV a miyezi ingapo koma n'kuuzidwa kuti a BP akagule ku famase. Kuyeza kopanda mankhwala kumangomuwonjezera munthu nkhawa, ndipo mfundo imeneyi yakhala ikubwerera m'kafukufuku wochitidwa m'zipatala zazing'ono.

Kafukufuku wachiwiri wamkulu anachokera kumpoto. Bungwe la MEIRU, lomwe mizu yake ili ku Chilumba m'boma la Karonga komwe ntchito yofufuza za khate inayamba mu 1979, linayendera nyumba ndi nyumba ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, n'kuyeza akuluakulu pafupifupi 29,000. Ziwerengero zawo zinali zotsika poyerekeza ndi za 2009: BP inapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 7, ndipo shuga mwa awiri kapena atatu pa 100. Chifukwa china n'chakuti iwo anayambira pa zaka 18, ndipo achinyamata m'Malawi ndi ochuluka. Komanso magazi a shuga ankawayeza mu labotale. Kafukufuku wachiwiri wa STEPS, wa mu 2017, nayenso anapeza ziwerengero zotsikirapo. Kusiyana kotere si nkhani yaing'ono kwa wokonza bajeti, pakuti mankhwala a munthu mmodzi mwa atatu ndi a mmodzi mwa 7 amasiyana mtengo kowirikiza. Koma mfundo yaikulu sinagwedezeke: odwala ambiri sadziwa kuti akudwala, ndipo mwa omwe akumwa mankhwala, ambiri BP yawo siitsika kufika pofunikira. MEIRU inaonetsanso kuti amayi oposa 4 mwa 10 a m'tauni ndi onenepa kopitirira muyeso, ndiponso kuti m'Malawi muli anthu ambiri ochepa thupi omwe ali ndi BP kapena shuga. Dongosolo lachiwiri la nthambiyi linali la 2017 mpaka 2022.

Kusintha kwakukulu kwa kaganizidwe kunadza ndi komiti ya akatswiri yotchedwa Malawi NCDI Poverty Commission, yomwe unduna unakhazikitsa mu 2016 ndipo inatulutsa lipoti lake mu 2018. Komitiyi inafunsa funso lomwe kafukufuku wa STEPS, chifukwa choyeza akuluakulu okha, sakanatha kuyankha: kodi matenda osapatsirana amene amapha ndi kulumaza amphawi ndi ati? Inapeza kuti gawo loposa theka la zaka za moyo zotayika chifukwa cha matendawa limagwera anthu osafika zaka 40, ndipo kuti ambiri mwa matendawo sayamba ndi fodya, mowa kapena kunenepa. Mwana wobadwa ndi sickle cell sanalakwitse kadyedwe. Mtsikana yemwe mtima wake unawonongeka chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa ali wamng'ono ndi wodwala chifukwa cha umphawi ndi kutalika kwa chipatala. N'chimodzimodzi mnyamata wa shuga wa mtundu woyamba, yemwe popanda jakisoni wa insulin sakhala miyezi yambiri. Komitiyi inasankha matenda 38 ndi njira 54 zothandizira zomwe dziko liyenera kuika patsogolo. Lipotili linali lofunika kwambiri ku madera ngati chigwa cha Phalombe, komwe uthenga wakuti anthu azichita masewera olimbitsa thupi sumveka kwa mayi yemwe walima mizere kuyambira mbandakucha, n'kukatunga madzi ndi kutola nkhuni.

Chitsanzo cha momwe chithandizo chotere chingaperekedwere kumudzi chinachokera ku Neno. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe linayamba kugwira ntchito ndi boma m'bomalo mu 2007, linaona kuti odwala HIV amalandira mankhwala pafupi ndi kwawo pamene a khunyu, mphumu ndi BP amayenda mitunda italiitali. Pofika 2015 linali litaphatikiza onsewa m'kiliniki imodzi ya matenda osatha m'zipatala za bomalo. Mu 2018 kunatsegulidwa makiliniki a matenda ovuta kwambiri ku chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, oyendetsedwa ndi ma clinical officer ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera kuunika mtima ndi makina, kusintha mlingo wa insulin, ndi kusamala ana a sickle cell. Njirayi imatchedwa PEN-Plus. Unduna unaitenga kukhala ndondomeko ya dziko, n'kuyamba kuifalitsa kudzera ku Salima ndi ku Karonga, ndipo mu August 2022 nduna za zaumoyo za mayiko 47 a m'chigawo cha Africa cha WHO zinaivomereza pa msonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo. Apa zomwe zinayesedwa m'boma limodzi la kumapiri m'Malawi zinathandiza kuumba ndondomeko ya mayiko ambiri.

Pa khansa, kaundula ndiye anatsogolera. Kuwerengera kwa zaka za 2007 mpaka 2010 kunapeza odwala atsopano 18,946. Mwa amayi, khansa ya khomo la chiberekero inali pafupifupi theka la khansa zonse. Mwa abambo inatsogola ndi Kaposi sarcoma, yomwe imayenda ndi HIV, kutsatiridwa ndi khansa ya kummero. Kuyeza khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga kunali kutayamba kale ngati ntchito ya boma mu 2004, koma amayi oyezedwa anali ochepa. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, kuti zidziwike ngati makolo angamulole ndiponso ngati sukulu zingakhale malo operekera. Mu January 2019 katemerayu anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse.

Pa mowa ndi fodya, kafukufuku anakumana ndi ndalama, ndipo ulendo unachedwa. Mu 2010 ofufuza a ku Norway anaonetsa kuti zikalata zoyamba za ndondomeko ya mowa m'Malawi, Lesotho, Uganda ndi Botswana zinali zofanana pafupifupi mawu ndi mawu, ndipo zinali ndi dzanja la makampani ofulula mowa. Kukambirana kwatsopano, kophatikiza mabungwe omwe si aboma, mafumu ndi mipingo, kunatenga zaka zambiri, ndipo ndondomeko ya dziko ya mowa inakhazikitsidwa mu 2017, nthawi yomwe boma linali likulimbananso ndi mowa wa m'masacheti. Kachasu wophikidwa m'midzi, yemwe ndiye amamwedwa kwambiri kumudzi, ndi wovuta kumufikira ndi msonkho kapena lamulo la maola ogulitsira. Fodya ndi nkhani yovuta koposa, popeza ndiye mbewu yobweretsa ndalama zakunja zochuluka, ndipo mabanja ambiri a m'chigwa cha Phalombe amalima burley pambali pa chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa. Pangano la dziko lonse lochepetsa kusuta linayamba kugwira ntchito mu 2005, koma Malawi inalowamo mu 2023, patatha zaka 18.

Ku Phalombe, komwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000, ntchito ya nthambiyi imaoneka m'zinthu zazing'ono: makina oyezera BP pa tebulo la wachipatala, tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP, khadi la wodwala, ndi mzere wolembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Kutsegulidwa kwa chipatala cha boma cha John Chilembwe ku Migowi mu 2022 kunapatsa bomali malo oti chithandizo cha matenda ovuta chiziperekedwa mwaulere osatuluka m'boma. Mtunda ukadali vuto. Wodwala wochokera kufupi ndi nyanja ya Chilwa kapena kuseri kwa phiri amalipira kabaza ulendo uliwonse, ndipo m'dzinja misewu ya dothi la makande imakana ngakhale njinga yamoto. Banja lopanda magetsi limasunga insulin mu mtsuko woikidwa pa mchenga wonyowa. Zinthu ngati izi ndi zomwe zimasankha ngati munthu apitiriza mankhwala kapena ayi, ndipo BP ili ndi vuto lakuti wodwala samva kupweteka, kotero ulendo wa kuchipatala umagonja mosavuta pamaso pa ntchito ya kumunda.

Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anaonetsa mbali ina yomwe madongosolo oyamba sanaiganizire mokwanira. Madzi, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Mulanje zinawononga chipatala cha Nkhulambe ndi kudula misewu, monga momwe napolo wa 1991 anachitira m'munsi mwa phiri la Michesi. Anthu anathawira m'misasa atataya mankhwala ndi mabuku awo a kuchipatala. Pa ngozi yotere chidwi choyamba chimapita ku ovulala, kolera ndi chakudya, koma wa khunyu akasiya mankhwala masiku ochepa amayambanso kugwa, ndipo wa insulin amakhala pa ngozi ya imfa. Chigwa chomwe chimasefukira kawirikawiri chimafuna kuti odwala matenda osatha azidziwika mayina ndi midzi yawo mvula isanayambe.

Kafukufuku wamkulu yemwe waumba ndondomeko za nthambiyi wachitikira kwambiri ku Karonga, Lilongwe, Zomba, Neno ndi Blantyre, komwe kuli mabungwe ofufuza okhazikika ndi sukulu ya madokotala, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Sukuluyi inaphunzitsa ofufuza achinyamata a matendawa kudzera mu mgwirizano wa NCD BRITE, momwe unduna unkatenga nawo mbali posankha mitu yofunika kufufuza. Maboma ngati Phalombe amawerengedwa makamaka kudzera m'kaundula wa m'zipatala zawo. Nthambiyi inakonza makadi ndi mabuku olembamo odwala BP, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda a maganizo, ndipo ziwerengero zake zimatumizidwa ku likulu pa kompyuta kudzera mu DHIS2. Kuchokera m'menemo ndi momwe mungadziwike kuti odwala olembedwa ndi angati, obwereranso pa tsiku lawo ndi angati, ndipo mankhwala anatha miyezi iti. Ndondomeko yaikulu ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ikufuna kuti chithandizo cha matenda osiyanasiyana chiziperekedwa pamodzi, pansi pa dongosolo limodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi, ndipo matenda osapatsirana ali m'gulu la chithandizo chomwe chipatala chaching'ono chilichonse chiyenera kupereka.